Ku phanga la Elephant's Eye ndi kagulu ka Loweruka: zomwe ndinakonda ndi zomwe zinandiwawa

Aliyense wogwira ntchito ku Tokai, Constantia kapena Westlake amaliona phiri la Constantiaberg tsiku ndi tsiku, lija lili ndi mlongoti pamwamba. Mukaliyang'anitsitsa muli kumunsi, mbali ina imaoneka ngati mutu wa njovu, ndipo pamalo pa diso pali bowo lakuda bii. Bowolo ndiye phanga la Elephant's Eye. Amalawi ambiri kuno ku Cape Town timadutsa m'munsi mwake m'mawa ndi madzulo, koma amene anakafikako ndi owerengeka. Ine ndinapita ndi kagulu kena kotengera anthu kumapiri Loweruka, kolembetsa pa WhatsApp. Dzina sinditchula, chifukwa ndili ndi madandaulo, ndipo mnyamata wotsogolerayo ndamuuza kale pamaso.

Ndalama yomwe amalipiritsa ikufanana ndi ya tsiku limodzi la ganyu ya m'munda. Si yochepa kwa munthu amene kumudzi akumuyang'anira. Koma m'menemo muli minibasi, yolowera pageti ndi wotsogolera. Kunena zoona, chomwe mukugula kwenikweni ndi minibasiyo. Njira yosavuta yopitira kuphangali imayambira ku Silvermine, pamwamba pa msewu wa Ou Kaapse Weg, ndipo wopanda galimoto kumeneko amavutika kufika. Anatitenga pa siteshoni ya Retreat nthawi yomwe ananena, osachedwa, ndipo apa ndiwayamikire.

Silvermine ili m'manja mwa SANParks, bungwe la boma loyang'anira malo osungirako zachilengedwe ku South Africa, pansi pa Table Mountain National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1998. Pageti mitengo ndi yosiyana: nzika za South Africa, anthu a m'mayiko a SADC, ndi ochokera kwina. Ife a Malawi tili m'gulu la SADC, koma muyenera kuonetsa pasipoti. Wotsogolera anatikumbutsa zimenezi usiku wake pa uthenga, moti panalibe amene anakakamira pageti.

Ulendo umayambira pafupi ndi damu la Silvermine, lomangidwa mu 1898, lomwe masiku ano anthu amasambiramo. Madzi ake ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka, koma si uve ayi, ndi mtundu wochokera ku mizu ndi masamba a zomera za m'phirimo. Poyamba mumayenda mumsewu wamiyala, kenako mumalowa m'kanjira kodutsa m'tchire lalifupi lomwe kuno amati fynbos. Mthunzi kulibe. Kupita ndi kubwera ndi maola awiri kapena atatu, malinga ndi miyendo yanu.

M'tchiremo ndi momwe mnyamata uja anaonetsa kuti ntchito yake amaidziwa. Anatiimitsa pa chitsamba cha protea, n'kuthyola kamutu kouma, kolimba gwa, n'kutionetsa njere zobisala m'kati. Akuti mitundu ina imasunga njere zaka zambiri mpaka moto utadutsa, ndipo m'pamene imazitaya paphulusa kuti zimere. Anatilozeranso kumunsi komwe kunali nkhalango ya paini ya Tokai, yomwe mbali yaikulu inapsa ndi moto wa mu Malichi 2015 ndipo mitengo yambiri yotsala inadulidwa. Ineyo ntchito yanga ndi ya m'minda ya maluwa, ma protea ndimawathirira ndi kuwatengulira, koma izi za moto ndinazimvetsa bwino nditagwira njereyo m'manja.

Musanafike kuphanga pali kanyumba koonera moto, pamphepete penipeni pa phompho. Mphepo yake pamenepo ndi yoopsa. Imachokera kum'mwera chakum'mawa, mbali yomweyo yomwe mwera amachokera kunyanja kwathu, ndipo chipewa chosamanga chimapita. Kuchoka apo ndi chitunda chachifupi koma chowawa, miyala yokhayokha, mpaka mwaima pakhomo.

Phangalo ndi lalikulu kuposa m'mene limaonekera kumunsi. Denga lili m'mwamba kwambiri, makoma ali ndi ndere zobiriwira ndi tizomera tomera m'ming'alu, ndipo madzi amadontha apa ndi apo. Silipita patali m'kati, tochi siyofunika. Mukalowa thukuta limauma nthawi yomweyo, kuzizira kwake mpaka kufuna juzi. Ndiye mutembenuke muyang'ane kunja. Minda ya mphesa ili pansi panu, nyumba za Tokai ndi madamu osambiramo kuseri kwake, kutsogolo chigwa chonse cha Cape Flats mbee mpaka kumapiri a Hottentots Holland, kudzanja lamanja nyanja ya False Bay. Ndende ya Pollsmoor, komwe Nelson Mandela anasungidwa kuyambira 1982 mpaka 1988, imaoneka bwinobwino. Mayi wina amene tinali naye anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Achimwene, taonani, nyumba ndimagwira ntchito ija ndi iyo, ya denga lobiriwira." Zaka zonsezi akuona phirili pawindo la kukhitchini. Wotsogolera anasimbanso nthano ya mwana wamkazi wa mfumu ya Akhoi, mtundu wa anthu akale a dera lino, amene akuti anagwidwa ndi amalinyero achipwitikizi, misozi yake n'kupanga dziwe la Princess Vlei lomwe likuoneka kumunsi.

Tsono apa m'pomwe panandiwawa. Tisanakhazikike n'komwe, chakudya chili m'manja, tinangomva, "Tiyeni, minibasi ikudikira." Munthu wapereka ndalama ya tsiku lathunthu, wakwera phiri ndi thukuta, ndiye pamalo penipeni pomwe wadzera mukumuthamangitsa? Pambuyo pake ndinamva kuti dalaivala anali ndi ulendo wina masana. Limenelo si vuto la ife olipira.

China, gulu linali lalikulu kwambiri kwa wotsogolera mmodzi. Iye ali kutsogolo ndi achinyamata othamanga, bambo wina wachikulire anatsalira yekha pachitunda chomaliza, mpaka ena a ife tinabwerera kukamudikira. M'mapiri a Cape Town anthu oyenda okha amaberedwa nthawi zina, ndipo chifukwa chachikulu cholipirira gulu n'choti wina asatsale yekha. Pafunika munthu wachiwiri woyenda kumbuyo. Komanso wotsogolerayo sanamuletse mnyamata wina amene analiza sipika m'phanga momwemo, anthu ena amene tinawapeza mpaka anatuluka.

Ngati mulibe galimoto ndipo simunakwereko phiri kuno, lipirani mupite nawo, koma mufunsiretu kuti gulu ndi la anthu angati ndiponso kuti kuphanga mukakhalako nthawi yaitali bwanji. Ngati mnzanu ali ndi galimoto, sonkhani ya mafuta mupite anayi kapena asanu, njirayo ili ndi zikwangwani. Nyamulani madzi okwanira, juzi, nsapato zogwira bwino pamwala ndi pasipoti, ndipo nyamukani m'mawa dzuwa lisanakule.