Makala a pamsewu wa Zóbuè: tsanya pamwamba, fumbi pansi

Bambo amene amagulitsa makala m'mbali mwa msewu wochokera ku Moatize kupita ku Zóbuè, mudziwe kuti sindinaiwale. Thumba la 500 meticais lija munalumbira kuti, "Achimwene, iyi ndi tsanya yokhayokha mpaka pansi." Nditapempha kuti tikhuthule pang'ono ndione, munakwiya, ati ndikukuyesani wakuba.

Pa 25 de Junho apongozi anabwera kwathu ku Ulongué, ine nditapha mbuzi. Kunali kuzizira kwa ku Angónia kuja, aliyense atazungulira mbaula kudikira kanyenya. Makala a pamutu pa thumba, pamene amalukapo luzi paja, anathera pa moto woyamba. Kupisa dzanja pakati, ndinatulutsa fumbi, zinyenyeswa ndi timiyala. Pansi penipeni panali zitsa zakuda kunja kokha, ukathyola mkati muli nkhuni yofiira. Uvuni anaufukula usanapse, basi. Nditaziponya pambaula kunabuka utsi woyera wowawa m'maso, mafuta a mbuzi akudontherapo malawi n'kulilima, nthiti kupserera kunja mkati muli magazi. Ana anathawira m'nyumba akutsokomola. Apongozi aamuna, munthu wosalankhulalankhula, anangoti, "Kodi amwene, mukuotcha nyama kapena mukufula njuchi?" Anthu anaseka, ine manyazi. Mwendo wonse unathera mumphika, mayi a kunyumba anachita kuuphika.

Komabe ndisaname, ochepa a pamwambawo anali tsanya yeniyeni. Olemera m'manja, ukagogoda awiri akulira ngwee. Amavuta kuyaka, pamafunika tinkhuni touma ndi kukupiza ndithu, koma akangoyera phulusa pamwamba moto wake umakhalitsa, osathetheka, osafuka. Chiwindi ndi nyama yoyamba zinapsa bwino kwambiri, mchere ndi piripiri basi. Ndiye kuti makala abwino bamboyo amawadziwa, kungoti anasankha kundipusitsa, ndipo chimene chikundipweteka n'chimenecho.

Fumbi lija mayi akuliumba ndi dothi pang'ono kuti aziphikira nyemba, ndiye silinapite pachabe. Ndikupereka nyenyezi ziwiri, zonse za pamutu pa thumba. Amene mumadutsa msewu umenewu, gwedezani thumba mumve ngati mukuwayawaya fumbi, ndipo wogulitsa akakana kukhuthula, kwerani galimoto muzipita. Ogulitsa alipo ambiri mpaka kukafika pamalire.