Bach 3C: zimene ndapeza patatha miyezi inayi

Kwa zaka zisanu ndakhala ndikuliza lipenga mu bandi ya mpingo wathu ndi mouthpiece (kachitsulo koikapo milomo poliza) ya 7C, imene kawirikawiri imabwera limodzi ndi malipenga a ophunzira, ndipo miyezi inayi yapitayo ndinagula Bach 3C kuti ndidzimvere ndekha zimene anzanga amaitamandira. Manambalawa anawakhazikitsa Vincent Bach, woliza lipenga wochokera ku Austria amene anayamba kupanga ma mouthpiece ku New York cha m'ma 1918. Nambala ikamachepa, mkombero wokhudza milomo umakula, pomwe chilembo chimanena za kuya kwa kachikho ka mkati mwa mouthpiece, ndipo C ali pakatikati.

Papepala kusiyana kwake n'kochepa zedi, pakuti mkombero wa 7C ndi mamilimita 16.20 ndipo wa 3C ndi 16.30. Pamlomo ndi nkhani ina. Kwa ine m'mphepete mwa 3C simuluma ngati mwa 7C, choncho milomo imayenda momasuka, koma ilibenso pobisala ikatopa.

Chimene chinandisokoneza ndi kuyeserera ndi mouthpiece yokha. M'mawa uliwonse ndimaichotsa pa lipenga, n'kuigwira mopepuka ndi zala ziwiri, kenaka ndimanjenjemeretsa milomo kwa mphindi khumi ndikutsatira mawu a kiyibodi, monga ankalimbikitsira mphunzitsi wa ku America James Stamp. Sabata yoyamba mpweya unkangothawa, mawu ankamveka ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndataya ndalama. Nditailowetsa m'lipenga zinthu zinasintha, chifukwa mpope wa lipenga umabweza mphamvu ina ku milomo, ndipo mphamvu imeneyi ndi imene woliza amatsamira. Mouthpiece ikakhala yokha kukana kwa mpweya kumeneku kumachepa kwambiri, choncho munthu amayamba kufinya milomo kapena kukanikiza chitsulo pamano osazindikira. Mankhwala ake ndi osavuta: ndimatseka pang'ono kumapeto kwa mouthpiece ndi chala chaching'ono, ndipo nthawi yomweyo mawu amakhazikika. Pali kachipangizo kotchedwa BERP kamene kamachita ntchito yomweyo, koma chala n'chaulere.

Kukana kwa mpweya sikuchokera pa mkombero wokha. Pansi pa kachikho pali kabowo, kamene pa 3C ndi 7C yemwe ndi ka mamilimita 3.66, ndipo kuseri kwake kuli mpata umene umanka nukula mpaka kukalowa m'lipenga. Kabowo kakakula mpweya umadutsa mosavuta ndipo mawu amanenepa, koma woliza amatopa msanga. Kakachepa, kapena kachikho kakakhala kosazama, mpweya umalimba ndipo mawu okwera amafikirika mosavuta ngakhale amapyapyala. Pa mbali imeneyi 3C ndaipeza yoyenerana ndi nyimbo za m'tchalitchi, chifukwa mawu apakati ndi apansi amatuluka odzaza, ngakhale kuti G wokwera, amene amalembedwa pamwamba pa mizere ya noti za nyimbo, anandivuta kwa mwezi wathunthu asanabwerere.

Wophunzira wa chaka choyamba sindingamulangize kuti asinthe msanga, koma amene milomo yake yakhwima aipeza yopindulitsa, bola ayiyese ili pa lipenga lake lenileni asanalipire. Asamalenso ndi zachinyengo. Mnzanga wina anagula yotchipa pa intaneti yolembedwa 3C, ndipo titaiyika m'lipenga inkagwedera, siliva wake n'kuyamba kusupuka pasanathe mwezi.