Nix: zida zofanana pa kompyuta iliyonse, koma konzani disiki ndi bandulo

Olemba mapulogalamu m'gulu amalidziwa vuto ili. Ntchito ikuyenda bwinobwino pa laputopu, pa seva n'kukana, chifukwa kuno kuli Python 3.10 pomwe uko kuli 3.12, kapena laibulale ina inasintha tsiku lomwe wina analemba `apt upgrade`. Nix, chida chomangira ndi kuika mapulogalamu pa kompyuta, inapangidwira zimenezi. Anaiyambitsa ndi Eelco Dolstra mu 2003 ali pa yunivesite ya Utrecht ku Netherlands, ndipo pa ntchito yoti zida za pulojekiti zikhale chimodzimodzi paliponse, imaposa apt, Homebrew ndi pip kutalitali.

Nix siika kanthu mu /usr/bin kapena /usr/lib. Pulogalamu iliyonse imakhala m'foda yakeyake mu /nix/store, yomwe ndi sitolo ya Nix, dzina la fodayo n'kuyamba ndi hash, chidindo cha zilembo ndi manambala 32. Hash imeneyi imachokera ku chilichonse cholowa pomanga: source code, compiler, malaibulale, mpaka malamulo omangira. Mukasintha chimodzi chokha, hash imasintha, chomangidwacho n'kupita m'foda ina, chakale osakhudzidwa. Nix imatchedwa functional, ndipo mawuwa akunena zimenezi basi, kuti zolowa zikafanana chotuluka chifananenso. N'chifukwa chake mitundu iwiri ya OpenSSL imakhala pa kompyuta imodzi osalimbana. Pa Linux ntchito yomanga imatsekeredwa kopanda intaneti, ndipo mafayilo onse a m'sitolo amadindidwa deti la 1 Januwale 1970 kuti tsiku lomangira lisabweretse kusiyana.

Kuyamba sikuvuta. Imakhala pamwamba pa Ubuntu, Debian, Fedora kapena macOS, ndipo a Windows amadzera mu WSL2, njira yoyendetsera Linux mkati mwa Windows. Lembani `nix-shell -p python312 git`, mulowa m'shell momwe muli zida ziwirizo. Mukalemba `exit` zachoka panjira, dongosolo lanu lili monga linalili. Nkhokwe yake, nixpkgs, ili ndi mapulogalamu oposa 100,000, ndipo ambiri amabwera omangidwa kale kuchokera ku cache.nixos.org.

Apa mpamene ambiri amapusitsika. Lamulo lija palokha silikupatsani kufanana komwe mwadzera, chifukwa limatenga kuchokera ku channel, mndandanda wa mapulogalamu a nixpkgs womwe kompyuta yanu ikutsata, ndipo channel imayenda. Anthu awiri amene anaikonzanso masiku osiyana apeza zinthu zosiyana, ngakhale onse akugwiritsa ntchito Nix. Muyenera kukhomerera nixpkgs pa commit imodzi, kutanthauza mtundu umodzi wake wosungidwa mu git. Njira yofala ndi flakes: mu fayilo ya nix.conf onjezani mzere woti `experimental-features = nix-command flakes`, lembani flake.nix yotchula nthambi yokhazikika monga nixos-24.11 ndi zida zomwe pulojekiti ikufuna, kenako `nix develop`. Nix ilemba yokha flake.lock, momwe muli commit yeniyeniyo ndi hash yake. Mafayilo awiriwa alowe mu git. Mnzanu akadzatsegula pulojekitiyo chaka chamawa adzapeza compiler yomweyo, ndipo palibe chidzasinthe mpaka wina atalemba dala `nix flake update`. Chodandaulitsa n'choti flakes inabwera ndi Nix 2.4 mu 2021 koma ikutchedwabe yoyeserera, moti malangizo a pa intaneti agawanika pawiri, akale ndi atsopano, wophunzira osadziwa oti atsate.

Zina zopunthwitsa n'zazing'ono koma zimadya tsiku. Flake imaona mafayilo okhawo omwe git ikuwadziwa, choncho fayilo yatsopano yomwe simunachite `git add` Nix imati kulibe, inu mukuiona ndi maso. Mukamatenga source code kunja, hash yake iyenera kulembedwa. Siyani popanda kanthu, mangani, uthenga wa hash mismatch ukuuzani yolondola, muikopere. Oika numpy ndi pip m'shell ya Nix kawirikawiri amakumana ndi dandaulo loti libstdc++.so.6 sikupezeka, chifukwa Python wa Nix sayang'ana mu /usr/lib. Tengani numpy wa mu nixpkgs momwemo. Chilankhulo cha Nix nachonso n'chouma, ndipo mauthenga ake a zolakwika, makamaka infinite recursion, nthawi zambiri salozera pomwe mwalakwitsa.

Mtengo weniweni uli pa disiki ndi data. Sitolo siifufuta kanthu yokha, imangotupa mpaka ma GB makumi angapo. `nix-collect-garbage -d` imayeretsa, koma imachotsanso mibadwo yakale yonse, yomwe ndi mmene zoikidwa zanu zinalili m'mbuyomu, ndiye kubwerera m'mbuyo ndi rollback kwatha. Bwino `--delete-older-than 30d`. Dziwaninso kuti zida za `nix develop` zimasesedwa nazo limodzi ngati simunazimangirire ndi chida chotchedwa nix-direnv, ndipo mawa muzikopanso. Pa data, chinthu chapansi monga glibc, laibulale yomwe pafupifupi pulogalamu iliyonse ya Linux imadalira, chikasintha, hash ya chilichonse chodalira icho imasintha, pafupifupi zonse n'kukopedwa mwatsopano. Kwa ogula intaneti ya bandulo izi zimapweteka, choncho musamachite update mwachisawawa. Muofesi, kompyuta imodzi ikope, kenako `nix copy --to ssh://` itumize kwa ena pa netiweki ya m'nyumba, kapena `--to file://` iike pa flash.

Kwa gulu la anthu angapo ogwira pulojekiti imodzi, kapena ofufuza ofuna kuti zowerengera zawo zidzabwerezeke patapita zaka, Nix ndi yoyenera masabata ovutikira kuiphunzira. Yambani ndi flake.nix imodzi pa Linux yomwe muli nayo kale. NixOS, mtundu wa Linux womwe umayendetsa dongosolo lonse mwanjira yomweyi, idikire kaye, chifukwa kumeneko pulogalamu yongokopa pa intaneti imakana kuyaka posowa /lib64/ld-linux-x86-64.so.2 yeniyeni, mpaka mutaikonza ndi patchelf kapena nix-ld.