Penti wa machubu 12 ndi wabwino, koma wabulauni sachedwa kutha

Bokosi la penti wa acrylic, lija la machubu 12 limapezeka m'mashopu a zolembera ku Limbe, ndi loyenera mwana wa sekondale amene akuyamba kumene kujambula. Kungoti musamuuze kuti limufikitsa kumapeto a temu. Ine ndinagulira mwana wa mlongo wanga wa Fomu 3, yemwe aphunzitsi anamupatsa ntchito zitatu: chithunzi cha malo, nkhope ya munthu, ndi chiboliboli chadothi.

Pa chithunzi cha malo sindinapeze pomunenera pentiyu. Mwanayo anajambula phiri la Ndirande, nyumba zamalata zili mbwee m'munsi mwake, ndipo mitundu inatuluka yowala bwino. Amasungunuka ndi madzi wamba, sanunkha, ndipo ukalakwitsa umangodikira aume n'kupaka wina pamwamba. Kuuma msangako ndi vuto lakenso. M'nyengo yotentha, wofinyira m'mbale amachita chikhungu usanamalize ndi mtambo umodzi womwe. Tinkayala kansalu konyowa m'mbalemo, pepala la pulasitiki pamwamba, ndiye ankapirirako.

Nkhope ndiyo inaulula kuchepa kwa bokosili. Chubu chilichonse ndi cha mamililita 12 okha, kutalika ngati chala. Mwanayo anasankha kujambula agogo ake, ndipo khungu lathuli limadya burnt umber (bulauni woderako) ndi burnt sienna (bulauni wofiirira), kuthirako yellow ochre (wachikasu wonga dothi) pang'ono pomwe pakuwala, monga pamphumi ndi pamphuno. Pamthunzi, kunsi kwa chibwano ndi m'makwinya, ultramarine (wabuluu woderako) wosakaniza ndi umber ndiye amachita bwino. Wakuda musamulole ayandikire tsaya, amadetsa nkhope n'kuoneka ngati ya munthu wodwala. Tsono pofika pakhosi pa agogo, umber anali atatha psiti, woyera watsala wongokanda, pomwe obiriwira awiri anali chikhalire. Amene anakonza bokosili ankaganiza za mitengo ndi udzu, osati za anthu a kuno.

Dziwaninso kuti acrylic akauma amaderako. Agogo atabwera kudzadziona anafunsa kuti, "Kodi iwe, unandijambula usiku?" Mwanayo anachita kubwerezanso masaya onse.

Maburashi a m'bokosimo ndi ongoperekeza. Ubweya umathothoka n'kumatirira pachithunzi, kuti uuchotse mpaka singano. Gulani padera imodzi yophwatalala ndi ina yosongoka yojambulira maso, ndipo azitsukidwa ndi sopo nthawi yomweyo, chifukwa penti akaumiramo basi burashi yapita. N'chimodzimodzi pa yunifolomu, sachoka. Pepala la m'kope nalo limakhwinyata likanyowa. Ife tinadula katoni yolimba n'kuipaka penti woyera wa PVA wotsala pakhoma, inagwira ntchito osadandaula.

Pa chiboliboli sitinawononge ndalama. Mtapo tinapempha kwa mayi wina woumba mbiya, amene anamulangizanso mwanayo kuti mutu wa chibolibolicho aukumbe m'kati, ndipo auumitse pamthunzi kuti usang'aluke. Dothi louma limamwa penti kwambiri, choncho yambani mwapakapo guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi. Kunena zoona ine sindinkafuna kuti chipakidwe n'komwe. Amene anafikako ku Mua, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi luso omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, anaona momwe chosema chimakongolera ndi mtundu wa mtengo wake womwewo, ndipo dothi nalo lili ndi wake. Koma ntchito ndi ya mwana, anapaka mpango wofiira kumutu, ine n'kukhala chete.

Mushopu momwe ndinagulamo sagulitsa chubu chimodzichimodzi, akuti ugule bokosi lina lathunthu. Ndiye musanalipire funsani ngati ali ndi woyera ndi burnt umber wapadera, wa machubu akuluakulu. Ngati alibe, kafuneni kwina mwana asanayambe nkhope, chifukwa bulauni wa kampani ina kawirikawiri safanana ndi woyambayo, ndipo kusiyanako kumaonekera pakhosi pomwepo.