Tiyi wa ndevu za chimanga wa ku Korea: ndamwa milungu isanu

Pofika Novembala ndinali nditatsika makilogalamu 6, nditasiya shuga ndi nsima ya usiku. Disembala ndi amene anandigwetsa: chinkhoswe cha mwana wa achemwali ku Chilomoni, ukwati ku Limbe, Khirisimasi, kuphatikizanso chipisi cha pachiwaya ku Ndirande poweruka kuntchito. Pa 3 Januwale ndinakwera sikelo, makilogalamu 4 abwerera. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndimamwa mankhwala a BP ndipo ana anga akadali aang'ono.

Alamu anga pochokera ku Johannesburg anandibweretsera bokosi la tiyi amene Akoreya amamutchula oksusu suyeom cha. "Alamu, yesani uyu, eni ake amamwa ngati madzi." M'timapepalamo muli chimanga chokazinga ndi ndevu za chimanga zouma, zomwe zija timataya tikamasenda mondokwa. M'mankhwala awo achikuda, otchedwa hanbang, ndevuzi amazigwiritsa ntchito pothandiza munthu kukodza ndi kuchepetsa kutupa.

Kukoma kwake ndiye kunandigwira mtima. Amanunkhira ngati chimanga chokazinga pachiwaya, amatsekemera patalipatali popanda kuthiramo shuga, ndipo sasowetsa tulo ngati tiyi wa masamba. Ndimathira m'fulasiki m'mawa. Ukafika usana, nthawi imene kale ndinkathamangira botolo la zoziziritsa kukhosi, ndimamwa ameneyu.

Sabata yoyamba ndinatsika kilogalamu imodzi, mphete n'kuyambanso kuvulika bwino. Koma amenewo anali madzi chabe, musanamizidwe. Kuchimbudzi ndinkapita pafupipafupi. Tiyiyu sasungunula mafuta. Ma kilogalamu ena 2 anachoka pang'onopang'ono nditabwerera ku masamba, nyemba, mtanda umodzi wa nsima masana ndi kuyenda wapansi kuchokera ku Ginnery Corner. Chimene anandichitira n'kundilekanitsa ndi zotsekemera, ndipo pa zimenezo ndikumuyamikira.

Alamuwo ankafunanso kundiitanitsira mankhwala ochepetsa thupi a hanbang. Ndinayamba ndafunsa adokotala, ndipo anandiletsa. Ambiri mwa mankhwalawa amakhala ndi chitsamba cha ephedra, chimene chimathamangitsa mtima ndi kukweza BP, mwakuti ku America anachiletsa m'zakudya zowonjezera thanzi mu 2004. Ngakhale tiyiyu, anandiuza kuti ndisapyole makapu awiri poti mapiritsi anga amakodzetsa kale.

Bokosi latsala pang'ono kutha, ndipo sindiitanitsa lina. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chabereka, ndayanika kale ndevu palichero pakhonde.