Linkage, Kaplan-Meier kapena GWAS: iti imathandiza pa matenda oiwala a ukalamba?

Anzanga amene mukulimbana ndi deta ya mabanja pa Alzheimer, matenda oiwala, uja amayamba munthu atapitirira zaka 65, chimene chimasokoneza kwambiri ndi imfa. Agogo anamwalira ali ndi zaka 60 chifukwa cha BP, ndiye muwalemba kuti analibe matendawa? Mwina akanafika 80 akanadwala. Ine njira iliyonse ndimaiyezera pamenepo.

Linkage ndi yakale ija, mumatenga banja lalikulu n'kuona ngati kachigawo kena ka DNA kakuyendera limodzi ndi matenda kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, LOD score, nambala yoyeza mphamvu ya kuyendera limodziko, ikafika 3 ndiye kuti mwapeza kanthu. Inagwira bwino kwambiri pa Alzheimer woyamba msanga, inathandiza kupeza jini ya APP pa chromosome 21 ndi ya PSEN1 pa 14, chifukwa kumeneko jini imodzi ndi yokwanira ndipo odwala amakhala a zaka za m'ma 40 kapena 50. Koma pa wa ukalamba imavutika heavy, pomwe munthu akudwala makolo ake anapita kalekale magazi awo mulibe, ana ake sanafike msinkhu, ndiye mwatsala ndi m'badwo umodzi basi, komanso ya LOD ija imafuna muiuze kale mmene matenda amayendera kumtundu pamene chimenecho ndi chomwe mukufufuza. Sindikuinyoza ayi. Gulu la ku Duke University linaloza chromosome 19 mu 1991 poyang'ana achibale odwala okhaokha, kenako mu 1993 APOE e4, mtundu wa jini ya pa chromosome yomweyo umene umakweza chiopsezo cha matendawa, inatulukira.

Kaplan-Meier, njira yowerengera mwayi woti munthu adwale pofika msinkhu wakutiwakuti, ndiye ndimaikonda, ndinene poyera. Jini siikupezerani, koma imayankha funso lomwe banja limafunsa, loti mayi adwala nanga ife? Agogo aja anamwalira ali ndi 60 siiwataya komanso siiwawerenga ngati opulumuka, imawawerenga mpaka pa 60 pomwepo n'kusiya. Kufooka kwake n'koti imadalira zomwe achibale akukumbukira, ndipo ambiri amangoti anali okalamba basi, kuiwala n'kwa ukalamba, pamene anali matenda. Komanso ikaonetsa kuti matenda achuluka m'banja siingasiyanitse magazi ndi zakudya kapena kakhalidwe ka pakhomo. Apo pamafunika mapasa, ngati kafukufuku wa ku Sweden wa 2006 amene anapeza kuti mbali ya chibadwa ili pakati pa 58 ndi 79 peresenti.

GWAS mabanja siiwafuna n'komwe, imafuna chigulu cha odwala ndi osadwala n'kuyerekeza DNA yawo yonse. Mu 2009 inatulutsa majini a CLU, PICALM ndi CR1, pofika 2022 malo a pa DNA okhudzana ndi matendawa anakwana 75. Koma iliyonse mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi APOE, ndipo "osadwala" a zaka 66 aja ena adzadwala ndithu, vuto lomwe lija labweranso. China chimandiwawa n'choti anthu ambiri m'makafukufuku amenewa ndi ochokera ku Ulaya, chonsecho pakati pa Ayoruba a ku Ibadan ku Nigeria e4 inaoneka yofooka kusiyana ndi kwa azungu.

Ndiye ngati muli ndi mabanja 100 kapena 200 ndi mafomu a mbiri yawo, yambani ndi Kaplan-Meier, ndipo lembani zaka zomwe aliyense anamwalira osati "analibe" chabe. Linkage isungireni banja lomwe abale ambiri adwala ndipo magazi awo mungawapeze.