Miyezi 8 ndikusandutsa Blantyre bwinja pa GIMP 3.0

GIMP 3.0, pulogalamu yosinthira zithunzi pa kompyuta, inatuluka mu March 2025, ine n'kuiika pa laputopu yanga mu April. Sabata yoyamba ndinaitamanda kwa aliyense amene anandipatsa khutu, koma poti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndinati ndidikire kaye ndione ngati chikondicho chikhalitse. Tsopano yakwana miyezi 8, ndipo ntchito imene ndaiyesera pulogalamuyi ndi imodzi yokha: kutenga zithunzi za Blantyre zomwe ndimajambula pa foni n'kuzisintha kuti mzindawu uoneke ngati anthu anausiya zaka 100 zapitazo. Nsenjere pakati pa Masauko Chipembere Highway, mizu ya kachere itakulunga Independence Arch ku Chichiri, maminibasi a ku Limbe atadyeka ndi dzimbiri pamalo pomwe ankaitanira anthu.

Chimene chinandifikitsa ku GIMP ndi thumba, ndisaname. Photoshop, pulogalamu ina ya ntchito yomweyi, kuyambira 2013 imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndalama yake yakunja, ndipo nonse mukudziwa mmene dola ikusowera kuno. GIMP ndi yaulere kuchokera pomwe Spencer Kimball ndi Peter Mattis anaiyamba mu 1995 ali ophunzira ku Berkeley. Ukaitsitsa kamodzi basi, sifunanso bandulo.

Chatsopano chimene chasinthadi kagwiridwe kanga ka ntchito ndi ichi: mu GIMP yakale ya 2.10, ukathira Curves (yosinthira kuwala) kapena Gaussian Blur (yofewetsa chithunzi) pa layer, chomwe ndi chimodzi mwa zigawo zosanjikizana za chithunzi, zinkamatirira pomwepo, kubwerera kwake kunali kwa undo kokha, batani lobweza zomwe wangochita. Mu 3.0 zimakhala padera pansi pa kachizindikiro ka fx, ungathe kuzitsegula mawa, kuzichepetsa, kuzizimitsa, ndipo zimasungika mu fayilo ya XCF, mtundu wa fayilo wa GIMP. Kwa munthu wosanja zithunzi 20 pamalo amodzi, chimenechi si chaching'ono. Chithunzi cha Victoria Avenue ndinachisintha kuwala mwina kakhumi, osawononga kanthu.

Koma apa ndi pomwe ndinaphunzira kuti vuto lalikulu silinali pulogalamu, linali maso anga. Chithunzi changa choyamba ndinachionetsa mlongo wanga, amene sadziwa n'komwe kuti layer n'chiyani (anamva ngati ndati malaya). Anachiyang'ana pang'ono n'kuti, "Achimwene, mtengowu mwaumata." Ankanena zoona. Msewu ndinaujambula mu June, pomwe dzuwa la masana limapendekera kumpoto ndipo mithunzi imatalika kulowera kumwera. Kachereyo ndinamujambula kumapeto kwa October, dzuwa lili paliwombo, mthunzi uli pansi pa tsinde. Zinthu ziwirizi sizingakhale pansi pa thambo limodzi, ndipo diso la munthu limazindikira msanga ngakhale pakamwa pasathe kufotokoza. Kuyambira pamenepo mthunzi uliwonse ndimaujambula ndekha pa layer yakeyake, pa Multiply (yomwe imadetsa zapansi pake), wakuda kwambiri pomwe chinthu chakhudza pansi, n'kumazilala ukamatalikira. Mthunzi wa masana si wakuda bii, umakhala ndi kabuluu ka kumwamba. Zinanditengera miyezi itatu kuti ndizikhulupirire zimenezi.

Chachiwiri ndi mpweya. Chinthu chakutali chimaoneka chotuwa, mitundu yake yofooka. Imani ku Ginnery Corner mu September muyang'ane phiri la Ndirande, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zitadzaza, mudzaona phiri ngati lajambulidwa ndi phulusa. Ndimaika layer ya chifunga pakati pa nyumba zapafupi ndi zakutali, pa Screen (yomwe imawalitsa zapansi pake), n'kuifufuta pang'onopang'ono ndi mask, chobisira mbali zina za layer. Chifunga chabwino koposa chimene ndili nacho ndinachijambula tsiku la chiperoni mu July, nditaima pakhonde, foni ikunyowa. Poyamba ndinkatengera zithunzi za mizinda yakunja zodzaza magetsi ofiira ndi obiriwira usiku wamvula, koma pa Blantyre zinkaoneka ngati wavala suti ya eni. Bwinja lathu mtundu wake ndi wa katondo ndi udzu wouma.

Zondilemetsa zilipo. Kudula chinthu pachithunzi ndi ntchito ya manja, palibe batani loti ungodina kamodzi mtengo n'kudzipatula wokha. Chida chodulira cha Foreground Select chimathandiza pa galimoto kapena nyumba, koma pa masamba a jakaranda ndi mawaya a magetsi chimangosokonezeka. Njira yomwe ndakhazikikapo ndi kutenga channel ya buluu (gawo la chithunzi la mtundu wa buluu wokha), pomwe thambo limayera mtengo n'kuda, kuikokera ndi Levels, chida china chosinthira kuwala, mpaka zisiyane kotheratu, kenako n'kuisandutsa mask. Imagwira bwino, koma madzulo onse amathera pamtengo umodzi. China ndi Perspective, chida chopindira chithunzi: ukapinda chithunzi cha khoma long'aluka kuti chigone pa nyumba, kupindako kumakhala komweko, ndipo ukabwereza katatu chithunzi chimayamba kufewa. Tsopano ndimasunga kope losakhudzidwa la chidutswa chilichonse, zomwe zimatupitsa fayilo. Laputopu yanga ili ndi RAM ya 8 GB, ndipo zidutswa zikachuluka, chilichonse chili ndi fx yake, imayamba kupuma mwabefu.

GIMP siisunga yokha ntchito ukamagwira. Ndinkadziwa, koma ndinazimva bwino usiku wina mu August magetsi atathima, batire yanga yokalamba n'kugonja patangopita mphindi zochepa. Maola atatu a dzimbiri pa minibasi anapita. Mlandu ndi wanga, ndipo chala changa chamanzere chinaphunzira Ctrl+S, mabatani osungira ntchito, kuposa mmene chinaphunzirira china chilichonse.

Pali chithunzi chimodzi chomwe sindinachimalize. Ndinkafuna mtsinje wa Mudi utasefukira, matope atakwirira magalimoto mpaka m'mawindo. Chinayamba kuoneka chenicheni, ndipo ndi pomwe ndinasiya, chifukwa chimene chinali pa sikirini sichinalinso nthano ya zaka 100 zikubwerazo. Chinali Chilobwe mu March 2023, namondwe Freddy atagumula phiri la Soche. Ndinachifufuta. Zithunzi 6 zomwe ndamaliza zonse ndi za kuwonongeka kwapang'onopang'ono, kwa mizu, chiswe ndi dzimbiri, mulibe madzi.

Ndiye ndipitiriza nayo? Inde. Wofuna chithunzi cha kasitomala pofika mawa m'mawa adzatopa ndi kudula kwa manjaku, koma kwa ine amene ndimagwira Loweruka ndi Lamulungu popanda wondithamangitsa, yandikwanira. Pano ndayamba mbali inayo, Blantyre wa maloto, Ndirande itaphimbidwanso ndi nkhalango ndi sitima yamagetsi ikudutsa pamwamba pa msika wa Limbe. Ikundivuta kuposa bwinja lija. Dzimbiri limabisa zolakwa zambiri, koma khoma loyera ndi galasi zimaulula paliponse pomwe dzanja linanjenjemera, ndipo mlongo wanga wanena kale kuti sitimayo ikuyandama.